Kabowo pa Ambulera ya Mfumu Chiwalitso

M'dziko la Tayamika ulemu wa munthu ankauyeza ndi mthunzi. Wosauka ankayenda mutu uli pamtunda, dzuwa likumuwotcha mmene lafunira. Kalaliki wa boma ankaloledwa chipewa. Nduna inkayenda ndi ambulera ya nthiti khumi, ndipo ikalakwa sankachita kuichotsa ntchito, ankangothyola nthiti imodzi ya ambulerayo, anthu n'kudziwa okha kuti bwana zawavuta. Pamwamba pa onsewa panali Mfumu Chiwalitso Wachinayi, imene malamulo ankaitchula kuti Dzuwa la Tayamika. Popeza dziko limodzi silingakhale ndi dzuwa lachiwiri, lakumwambalo linaletsedwa kukhudza thupi la Mfumu. Boma linalilembera kalata yolidziwitsa za chiletsocho, koma silinayankhe, choncho panafunika kulemba ntchito munthu wogwira ambulera.

Munthuyo anali a Lufeyo Kamtedza, bambo wamtali, wosalankhulalankhula, amene anagwira ambulera ya Mfumu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ntchitoyi inali ndi malamulo awiri okha. Loyamba linkati dzuwa likakhudza Mfumu, ngakhale pachala chakuphazi, wogwira ambulera adulidwe dzanja. Lachiwiri linkati Mfumu ikamwalira, wogwira ambulera alowe nayo m'manda ali wamoyo, ambulera ili chitambasulire, chifukwa palibe amene anapitako n'kubwera kudzatsimikiza kuti kumeneko kulibe dzuwa. Pamene a Lufeyo ankasainira ntchitoyo, Mfumu inali mnyamata wa zaka makumi atatu wodya bwino, moti lamulo lachiwirilo analiwerenga mothamanga, maganizo ali pa yunifolomu.

Zofuna zawo zinali zochepa. Ankafuna kuti tsiku lawo likadzafika adzaikidwe kwawo ku Nkhwali, pafupi ndi mayi awo, ndipo ankafunitsitsa kuti adzayambe amwalira kaye asanaikidwe.

Chaka chimene tikunenachi, Mfumu inatuluka chilonda pamsongolo wakumanzere. Wailesi ya boma inalengeza kuti Mfumu ilibe chilonda, mwendo wake ukungopuma utagwirira ntchito dziko nthawi yaitali. Mwendo wopumawo unayamba kutulutsa mafinya, kenako fungo, ndipo nduna zinkalowa m'bwalo zikudandaula mokweza za ngalande ya kuseri. Madokotala anabaya jakisoni, anamwetsa mapilitsi ofiira, oyera ndi achikasu, koma tizilombo ta m'chilondacho sitinatekeseke. Tinali tizilombo ta m'Tayamika momwemo, tokulira pa mankhwala, chifukwa kumeneko makapisozi ankagulitsidwa pamsika awiriawiri ngati maswiti, ndipo munthu akangomva bwino pang'ono otsalawo ankasungira mlamu wake.

M'mawa wina kunyumba yachifumu kunabwera mmisiri atanyamula chingwe choyezera. Anapereka moni mwaulemu, n'kuyeza a Lufeyo kuyambira kumapazi mpaka kunsonga ya ambulera.

"Ndi za yunifolomu yatsopano?" anafunsa a Lufeyo.

"Ine, bambo, ndimagwira za matabwa," anayankha mmisiriyo, akupinda chingwe chake.

Kuyambira tsiku limenelo a Lufeyo anagwidwa ndi mantha enieni. Mfumu ikatsokomola, iwo thukuta kamukamu. Ikakana chakudya, nawonso chakudya chinkawakana. M'dziko lonse la Tayamika, kumene aliyense ankalumbira m'mawa uliwonse kuti akufunira Mfumu moyo wautali, munthu m'modzi yekha ndi amene ankanena zochokera pansi pa mtima.

Apa m'pamene kubwalo kunamveka dzina la Dokotala Elube Mwalabu wa pa Chipatala cha Pepani, mayi wamfupi wa magalasi omanga ndi ulusi. Mayiyu ankapoletsa zilonda zokana mankhwala pogwiritsa ntchito ufa wofiirira umene anaupanga yekha ndi anzake awiri m'kachipinda ka kuseri kwa mochapira. Odwala ake sankagona m'wodi masana. Ankawapaka ufawo, n'kuwakhazika pakapinga panja, miyendo itatambasulidwa, ndipo ambiri ankabwerera kwawo akuyenda okha. Anamuitanitsa kubwalo kuti adzafotokoze.

"Kanjere kalikonse ka ufawu n'kodzaza ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ngati chinkhupule," anatero dokotalayo pamaso pa nduna. "M'timabowomo tinaikamo utoto. Kuwala kukagunda utotowo, umasandutsa mpweya wa pachilondapo kukhala waukali, ndipo tizilombo timapsa, ngakhale timene tinazolowera jakisoni. Mnofu wa munthu supsa. Koma pamthunzi ufawu ndi fumbi chabe."

Nduna zinayamba kuwomba m'manja pa mawu akuti tizilombo timapsa, moti zimene ananena pomalizazo zinamira m'phokoso. Amene anawomba kwambiri anali a Vomerezani, Nduna ya za Mthunzi, bambo wa mawu onona amene anakhalapo pa maufumu awiri osathyoledwa nthiti ngakhale imodzi.

Mwamwambo, chilichonse chofuna kukhudza thupi la Mfumu ankayamba achiyesa pa wogwira ambulera. Zinangochitika kuti a Lufeyo anali nacho chilonda chawochawo pakakolo, chobwera ndi kuimirira kwa zaka zonsezo, chimene palibe anachifunsapo mpaka tsiku limene chinafunika ndi boma. Dokotala anachitsuka, anawazapo ufa, n'kuphimba ndi kansalu kopyapyala koonekera mkati. Tsono wogwira ambulera mthunziwo saulawa, amaima kunja kwake. Dzuwa la Okutobala linagwira ntchito yake popanda chilolezo, ndipo pakutha pa milungu iwiri chilonda chimene chinali ngati chikhatho chinatsala ngati kanjere ka nyemba.

Bwalo linakhutira. Ufa unavomerezedwa kukwera pa mwendo wachifumu, ndipo kuyambira ola limenelo sunaloledwenso kutsikira pa mwendo wa wantchito, chifukwa Mfumu ndi wantchito wake sadyera mbale imodzi, nanga mankhwala angagawane bwanji. Kanjere ka nyemba ka a Lufeyo kanasiyidwa pomwepo. Mfumu anaipaka m'mawa ndi madzulo, pansi pa ambulera, kuseri kwa makatani. Mlungu unatha, wina n'kuthanso. Chilonda chimene kunalibecho chinakula mpaka kuyandikira bondo.

Anamuitananso dokotala uja.

"Mayi, tatifotokozereni," anatero a Vomerezani. "Ufa womwewo, dzanja lopaka lomwelo. Mwendo wa wantchito wapola. Mwendo wa Mwini Dziko, umene sukudwala, sukupola. Kodi ufa wanuwu ndi wa chipani chanji?"

"Ulibe chipani, bwana Nduna. Ukufuna dzuwa."

A Vomerezani anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsanso.

"Dzuwa lake liti?"

"Lomwe limatuluka kum'mawa lija."

Mlembi wa bwalo anaika cholembera pansi, chifukwa mawu amenewo analibe malo m'buku lake. Nduna ina yofuna kuthandiza inafunsa ngati nyali singakwanire. Dokotala anati nyali yamphamvu ikhoza. Koma panali lamulo lakale loletsa nyali iliyonse kuwala kuposa nkhope ya Mfumu, ndipo masiku amenewo nkhopeyo inali itazilala kwambiri moti nyali zambiri za kunyumba yachifumu zinali zitalandidwa kale.

A Vomerezani anaimirira n'kulankhula maola atatu. Zambiri zinali moni, koma mutu wa nkhani unali uwu. "Dokotala wanena yekha kuti ufa umafuna dzuwa. Malamulo athu akuti Dzuwa ndi Mfumu. Ndiye kuti ufawu panopa wakhala pa Dzuwa penipeni, ndipo ngati ukuchedwa kugwira ntchito, n'chifukwa cha manyazi. Ndani mwa ife sanachitepo manyazi tsiku loyamba kufika pamaso pa Mwini Dziko? Tiupatse nthawi uzolowere. Nanga wantchitoyu anapola bwanji? Anapola chifukwa amaima pafupi ndi Mfumu tsiku lonse. Umboni wina mukufuna wotani?"

Palibe anafuna umboni wina. Tsiku lomwelo kunatuluka Lamulo la Kuwala Kwathu Komwe. Odwala a pa Pepani, amene ankakhala pakapinga kumawothera dzuwa lachilendo, analamulidwa kulowa m'mawodi. Mawindo onse anapakidwa penti yakuda, ndipo m'wodi iliyonse anapachikamo chithunzi cha Mfumu, odwala n'kuuzidwa kuti azilozetsa zilonda zawo kumeneko kuyambira teni koloko mpaka thu. Dokotala Mwalabu analemba kalata yodandaula. Anamuyankha momuthokoza chifukwa cha kalata yake yoyamikira.

Pa Msika wa Pirirani, nkhaniyi anailandira mofatsa, monga ankalandirira nkhani zonse.

"Ine zochapa zanga ndayanika m'nyumba kutsogolo kwa kalendala ya Mfumu," anatero mayi wina wogulitsa tomato. "Lero ndi tsiku lachitatu. Zikuuma, koma mwaulemu, mosathamanga."

"Inu muli bwino," anayankha bambo wa makaka pabenchi yoyandikana. "Chinangwa changa ndachionetsa chithunzi, chamera nkhungu ndi chisangalalo."

Pamsika pomwepo, pakhonde la golosale, panali Nachisale, mkazi wa a Lufeyo, telala wa makina opalasa ndi phazi. Iyeyu sanaseke nawo. Kwa zaka zonsezo ndi amene ankasoka ambulera ya Mfumu ikang'ambika, ndipo Lamulungu lililonse, tsiku limene Mfumu sinkatuluka m'nyumba, mwamuna wake ankabwera nayo kunyumba kuti aipukute fumbi n'kuona misoko. Lamulungu la sabata imeneyo masana, kunyumbako, Nachisale anaitambasula pamphasa, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Fanesi, bokosi lanu lija apala kale?"

"Akuti latsala vanishi."

"Ndiye inu mukudikira chiyani? Mudzaone ngati vanishiyo wawala?"

"Nanga ndichite bwanji, mayi a Fanesi? Ndikangopendeketsa ambulerayi, dzanja lapita. Pabwalo pamakhala maso mazanamazana."

"Ndani wanena zopendeketsa?"

Nachisale anatenga lezala m'kachitini, napeza msoko wa pafupi ndi nthiti yachitatu, n'kudula timaulusi tisanu. Ambulera ikapindidwa panalibe chooneka. Ikatambasulidwa, nsalu inkakokeka, n'kutseguka kabowo kongokwana chala chaching'ono.

"Ulusi umatha, bambo a Fanesi. Ngakhale wachifumu umatha."

"Nanga akaona?"

"Akaona adula dzanja. Akapanda kuona mutsala nonse. Tikangokhala osachita kanthu, akukwirirani mukupuma, ine n'kupatsidwa mendulo yoti ndizikhala nayo pakhomo. Ine ndasankha kale. Ndinakwatiwa ndi munthu, sindinakwatiwe ndi dzanja."

Ananena zimenezi osawayang'ana, chifukwa misozi inali italengeza, ndipo Nachisale sankakonda kuonedwa choncho. A Lufeyo anamumvera chisoni mkazi wawoyo kuposa mmene ankadzimvera okha. Anapinda ambulera n'kuiimika pakona.

Tsiku lililonse masana, kupatula Lamulungu, Mfumu inkakhala pabwalo la panja maola awiri kumvera matamando. Mwendo wopuma uja ankautambasula pa kampando kuseri kwa tebulo lokutidwa ndi nsalu, kuti anthu asauone. Oona kuseriko anali atatu okha: Mfumu, wogwira ambulera ndi dokotala. Lolemba lake, kwaya ya akalaliki itangoyamba nyimbo yoyamba, pa kansalu ka pachilonda panagwa kadontho ka dzuwa, kakakulu ngati chitsekerero cha botolo. A Lufeyo anayang'ana kutsogolo ngati msilikali, dzanja lokha likuzungulitsa mtengo wa ambulera pang'onopang'ono, kuti kadonthoko kayende kuchokera kumtunda kwa chilonda mpaka kumunsi. Dokotala Mwalabu anakaona. Anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso. M'mawa mwake anabwera ndi kansalu kopyapyala kuposa ka dzulo.

Tsiku lachitatu Mfumu inamva kufunda pamsongolo. Inatsegula diso limodzi, n'kuona kadontho. Inakweza disolo mpaka pa kabowo, kenako pankhope ya a Lufeyo. A Lufeyo anatsanzikana nalo dzanja lawo lamanja chamumtima. Mfumu inatseka diso. Patapita kanthawi inasuntha mwendo pang'ono kutsatira kadonthoko, kenako inakodola a Vomerezani n'kulamula kuti kuyambira tsiku limenelo matamando awonjezere ola lina.

Akalaliki anasasa mawu, nyimbo zinatha n'kuyambanso zoyamba zija, koma pakutha pa milungu isanu fungo la ngalande ya kuseri linali litatha lokha, popanda wokonza ngalandeyo. Chilonda chinauma, n'kutseka. Wailesi inalengeza kuti Mfumu yachira ku matenda amene inalibe, ndipo yachira ndi kuwala kwake komwe, monga ananenera a Nduna. Kunachitika chikondwerero cha masiku atatu. Mmisiri wa matabwa uja anakasunga bokosi mosungira katundu, ataliphimba bwino kuti lisadyedwe ndi chiswe. Lamulungu la mkati mwa chikondwererocho Nachisale anasokanso msoko wa timaulusi tisanu uja, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho a Lufeyo anadya n'kupempha kuti awawonjezere.

Nkhani ikanathera pomwepa zikanakhala bwino, koma dziko la Tayamika silinkasiya munthu wokhulupirika osamuthokoza. Pa tsiku lomaliza la chikondwerero a Vomerezani anawerenga chikalata cha mphoto. Chifukwa chosalola ngakhale kadontho ka dzuwa kukhudza Mfumu pa nthawi yovutayi, a Lufeyo Kamtedza anakwezedwa kulowa m'gulu la Mthunzi Wosatha. Anapumitsidwa ntchito. Anapatsidwa ambulera yawoyawo ya nthiti zisanu ndi zitatu, ya lona wokhuthala wopanda msoko, pamodzi ndi msilikali wandevu woti aziwagwirira kulikonse, kuti dzuwa lisadzawakhudzenso moyo wawo wonse. Ndipo ngakhale apuma ntchito, malo awo a m'manda a Mfumu anasungidwa mpaka kalekale, palibe wodzawalanda. Anthu anaimirira n'kuwomba m'manja. A Lufeyo anagwada n'kuthokoza, popeza ndi zimene zinalembedwa pa pulogalamu.

Tsopano anali munthu wamkulu, choncho ufa uja ankaloledwa kupaka mmene afunira. Dzuwa ndiye ayi. Msilikali wandevuyo anali munthu wokonda ntchito yake. Ankafika kusanache bwino, kuyang'ana ambulera mkati ndi kunja, ndipo sankalola Nachisale ngakhale kuikhudza. A Lufeyo akatulutsa phazi panja pa mthunzi, iye ankasuntha nalo limodzi. Akapita kuseri, ankawadikira pakhomo la chimbudzi ambulera itatambasulidwa kale. Kanjere ka nyemba ka pakakolo paja, kamene kanakhala chete miyezi iwiri, kanadzuka. Kanakula, kanayamba kutulutsa madzi, mwendo n'kutupa mpaka nsapato kukana.

Dokotala Mwalabu anabwera kudzawaona. Mayiyo anali ataonda. Anamasula bandeji, anadina mozungulira chilonda, n'kuyang'ana msilikali amene anaima pakhomo.

"A Kamtedza, ndikuuzeni chilungamo," anatero motsitsa mawu. "Muli ndi milungu iwiri. Mukapanda kupeza dzuwa, ndidula mwendowu. Ndipo ngati tizilombo tafika kale m'magazi, kudulako sikudzathandiza."

"Nanga ndikagonekedwa kuchipatala kwanu, adokotala?"

"Sabata ino yokha ndadula miyendo itatu kumeneko. Yonse pamaso pa chithunzi."

Dokotala atapita, a Lufeyo anakhala pakhonde, m'mthunzi wawo waulemu, akuyang'ana nkhuku zikusamba fumbi padzuwa. Anazichitira nsanje, ndipo sanachite nazo manyazi. Kenako anaitana mkazi wawo.

"Mayi a Fanesi, mawa ndikupita kubwalo. Ndikanena zonse."

"Mukanena chiyani inu?"

"Kuti ndinaboola ambulera. Ndekha, ndi msomali. Inu dzina lanu silimveka."

"Akudulani dzanja."

"Andidule. Munthu wodulidwa dzanja samupatsa ambulera. Akandiponya kunja, ndipo kunjako kuli dzuwa. Paja munati munasankha kale."

Nachisale anasendera pafupi. Anatenga dzanja lamanja la mwamuna wake, lija la zikang'a za mtengo wa ambulera, n'kuligwira ndi manja ake onse awiri mpaka msilikali anatsokomola pakhomo.

M'mawa mwake a Lufeyo analowa m'bwalo akutsimphina, ambulera yawo ikuwatsatira. Mfumu inali pampando, nduna zili m'mizere. Anapempha mwayi wolankhula, ndipo popeza anali a Mthunzi Wosatha, sakanakanizidwa.

"Ine Lufeyo Kamtedza ndinaboola ambulera ya Mfumu. Dzuwa lakumwamba linakhudza mwendo wa Mfumu milungu isanu, ndipo ndi limene linapoletsa chilonda. Lamulo ndikulidziwa. Dzanja ndi ili."

Analitambasula. Anaima chomwecho, osalibweza.

Phokoso limene linabuka linamveka mpaka kumsika. Nduna zina zinatseka makutu kuti pambuyo pake zidzathe kulumbira kuti sizinamve. Wodula manja, amene anakhala zaka zambiri akulandira yunifolomu popanda ntchito, anathamangira kukanola nkhwangwa. Bwalo linatsekedwa, nduna n'kukhala pansi masiku awiri. Tsiku loyamba zinagwirizana zodula dzanja. Tsiku lachiwiri a Vomerezani, amene anali atalingalira bwino, anaimirira nkhope ili gwaa.

"Abale anga, tikadula dzanjali, mawa msika wonse udzafunsa kuti tadulira chiyani. Lamulo limadula dzanja pa chifukwa chimodzi chokha, kuti dzuwa lakhudza Mfumu. Tikati linakhudza, adzafunsa kuti linakhudza pati. Tikati pachilonda, adzafunsa kuti chilonda chiti. Kodi alipo muno amene akufuna kukayankha mafunso amenewo pawailesi?"

Panalibe. Anatumiza nthumwi kukafunsa Mfumu ngati ikukumbukapo kanthu kachilendo pa masiku a matamando aja. Mfumu inayang'ana zikhadabo zake nthawi yaitali, n'kunena kuti sikukumbuka chilichonse, chifukwa maganizo ake onse anali pa nyimbo. Ambulera anaibweretsa, anaitambasula, anaiyang'ana msoko ndi msoko, koma kabowo sanakapeze. Zinaonekeratu kuti munthuyu ndi wabodza.

Chigamulo chinawerengedwa poyera, Nachisale ali m'gulu la anthu. A Vomerezani anawerenga okha, pang'onopang'ono, kuti kulemera kwake kumveke. Chifukwa chonamizira Dzuwa la Tayamika, Lufeyo Kamtedza achotsedwe m'gulu la Mthunzi Wosatha. Alandidwe ambulera, ndipo asadzavalenso ngakhale chipewa. Popeza amatama dzuwa lachilendolo, akakhale nalo pakati pa Msika wa Pirirani masiku makumi anayi, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, popanda mthunzi wa mtengo, wa denga kapena wa munthu. Apa a Nduna anapuma kaye, chifukwa mbali yotsalayo ngakhale iwo inawaopsa ndi nkhanza zake.

"Ndipo malo ake a m'manda a Mfumu alandidwa. Akadzafa, adzaikidwa kumudzi kwawo ngati munthu wamba, pakati pa abale ake."

Nachisale anagwa pansi n'kulira mokweza, akugubuduzika, mpaka nduna zinagwedeza mitu mokhutira kuti chilango chamveka. Ndi a Lufeyo okha amene ankadziwa kuti mkaziyu akamalira zenizeni samveka mawu. Koma iwo misozi yawo inali yeniyeni. Inatsika mpaka m'kolala ya malaya, ndipo sanaipukute. Chibadwire anali asanasangalalepo chonchi.

Panali lamulo lina lakuti wolangidwa asafe asanamalize chilango, choncho boma linalamula Dokotala Mwalabu kuti m'mawa uliwonse azipita kumsika kukatsuka chilonda cha mkaidiyo ndi kumupaka mankhwala. Dokotala anamvera msanga kuposa mmene anamverapo lamulo lina lililonse. A Lufeyo anawakhazika pa mpando wa ndalema pakati pa msika, mwendo utatambasulidwa pa njerwa, ufa wofiirira uli mbuu pakakolo.

Anthu a pamsika anayang'ana tsiku loyamba, anayang'ana lachiwiri. Tsiku lachisanu kutupa kunayamba kuphwa, ndipo bambo wa makaka uja, amene mchemwali wake anagonekedwa ku Pepani, anatseka benchi yake n'kukabwereka wilibala. Masana omwewo mchemwaliyo anafika pakhomo la bwalo ali mu wilibalayo, nalengeza mwaulemu kuti Mfumu inapola ndi dzuwa lakumwamba. Nayenso anamugamula masiku makumi anayi padzuwa la pamsika. M'mawa mwake kubwaloko kunali mzera wa anthu a ndodo, a panjinga ndi oberekedwa kumbuyo, aliyense akudikira nthawi yake yoti aname. Agogo ena osamva bwino anaiwala mawu oti anene, ndipo woweruza, pofuna kuti mzera uziyenda, anawakumbutsa. Wailesi inalengeza kuti m'dziko mwabuka mliri wa bodza, koma boma likuthana nawo mosanyengerera. Sabata isanathe, abodza anadzaza kuchokera pa mabenchi a tomato mpaka kogulitsira makala, miyendo ili ndandanda padzuwa, dokotala akuyenda pakati pawo ndi chitini cha ufa.

Msilikali wandevu uja anamupatsa ntchito yatsopano yoonetsetsa kuti mthunzi usakhudze mkaidi wamkuluyo, ndipo anaigwira ndi mtima wonse ngati yoyamba ija. Ankathamangitsa ogulitsa madengu, ankakalipira ngolo zoima pafupi, ndipo mtambo ukadutsa ankauyang'ana mokwiya mpaka upite.

Tsiku la makumi awiri ndi chimodzi, Nachisale anabweretsa madzi akumwa m'botolo. Anawerama kuti aone pakakolo. M'mbali mwa chilonda munali mutauma, khungu latsopano likubwera kuchokera kunja kulowa mkati. Anakhala chiweramire akuyang'ana, osadziwa kuti chithunzithunzi chake chagwera pa mwendo.

"Mayi, sunthani apo!" anakuwa msilikali. "Mukumutchingira wabodzayu. Lamulo lati dzuwa limuwotche mpaka tsiku lomaliza."

"Pepani, bwana," anatero Nachisale, akusunthira kumbali msangamsanga. "Ndipo chonde, musawamvere chisoni ngakhale tsiku limodzi."